Mtedza Umodzi, Kudina Kamodzi

Ndinamuuza Galaye Lachisanu m'mawa, asanamalize n'komwe khofi wake, kuti malimoti akale aja asawataye.

"Asiye agonemo m'nyumba muno sabata imodzi yokha," ndinatero. "Mlendo akafika, eni nyumba sasamuka tsiku lomwelo. Nanga amuonetsa ndani pamene timaika mchere?"

Galaye ndi mwana wanga wachisamba. Ali ndi ana anayi, ndevu zayamba imvi, amayendetsa basi pakati pa kuno ku Thiès ndi Dakar, koma chibadwire sanamverepo mawu anga ulendo woyamba. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Amayi, inu mumaopa ndi ketulo yomwe. Uyu si mlendo, ndi kapitawo." Anakweza m'mwamba limoti yatsopano, idakali m'chipepala chake cholimba. "Mmodzi yekhayu alamula zonse: kanema, dikoda, sipika. Tizinyalala titatuti tapuma pantchito."

N'zoona, ndimaopa. Ndimaopa botolo la gasi, ndimaopa waya wolendewera pa mpanda wa oyandikana nafe, ndimaopa mdzukulu akamathamanga supuni ili m'kamwa. Amandiseka. Koma onse amene ndakhala ndikuwaopera ali moyo, ndipo palibe anabwerapo kudzathokoza.

Malimoti atatuwo ndinkawadziwa ngati adzukulu anga, ngakhale zolembedwa pamenepo kwa ine ndi mapazi a nyerere. Yakuda yaitali inali ya kanema, yomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo inkafuna uyambe waimenya kawiri m'chikhatho ndiye imve. Yotuwa inali ya dikoda, yokulungidwa m'kajumbo kuopa mafuta a m'manja mwa ana. Kachitatu kanali kakang'ono ngati bisiketi, ka sipika, ndipo kankagona m'chitini cha mkaka pamwamba pa kabati.

Amuna anga, a Mademba, pa unyamata wawo anali katswiri wa masewera ogwetsana. Misana imene anaigoneka pamchenga kuyambira kuno mpaka ku Fatick sindingaiwerenge. Lero miyendo inakana, maso anachita ng'ala, pa kanema amangoona zithunzithunzi zoyenda. Masewera amaonera m'makutu. Ng'oma zikasintha amadziwa kuti walowa ndani, khamu likagwira mpweya amadziwa kuti agwirana. Tsono mawu a kanema wathu anafa chaka chimene denga linadontha. Mawu onse amachokera ku sipika, bokosi lakuda lili pamwamba penipeni pa khoma, m'kakhola ka zitsulo kowotcherera. Ndine ndinakakamiza kuti likhale kumeneko, kuopa akuba ndi ana. Zimenezo ndikuvomera.

Lamlungu lake linali tsiku la Latyr, womaliza mwa anthu amene a Mademba anawaphunzitsa pa mchenga wa kuseri kwa njanji. Aka kanali koyamba kuti alowe m'bwalo lalikulu la ku Dakar, pa kanema, kukakumana ndi chimphona china cha ku Pikine. Mwezi wathunthu a Mademba ankangoti, "Ndimve ng'oma za Latyr, kenako Mulungu achite zimene akufuna." Mawu amenewo sindinkawakonda.

Ndisamunamizire mwana wanga, mtima wake unali wabwino. Ankaona bambo ake akufufuza malimoti atatu pabedi, n'kumadina ya dikoda poyesa ya kanema, ndiye anati awapeputsire. Vuto la Galaye si mtima. Ndi chala.

Nditaona kuti waseka, ndinakoka yotuwa ija, imene inali pafupi nane pamkeka, n'kuikhalira ngati nkhuku. Atayang'ana kumbali ndinaimangirira m'chiuno, m'kati mwa nsalu. Zinazo ndinati nditenga akatuluka, koma Lachisanu sapita kuntchito mpaka madzulo, ndiye anangokhala pomwepo. Dzuwa litapendeka, ndili pakati pa pemphero, ndinamva mfuu ya wogula zitsulo zakale ndi ngolo yake ya hatchi. Galaye anali atamaliza kale lake, pakuti ngakhale pamaso pa Mulungu amathamanga. Ndinamumva akutsegula geti. Ndinamva chitini cha mkaka chikutseguka. Ine chipumi chili pansi, pemphero sulidula pakati.

Potuluka ndinapeza beseni latsopano lobiriwira lili pabwalo. Simbi yakufa, fani yothyoka khosi ndi malimoti awiri zinali zitapita.

"Beseni labwinotu, Amayi. Koma yotuwa ija mwaiona?"

"Ndingadziwe chiyani ine wosaphunzira?"

Iye atapita ku ulendo wake wa madzulo, magetsi anaphethira monga achitira. Sipika yathu magetsi akangophethira imagona, ndipo inkadzutsidwa ndi kabisiketi kake kaja. Nyumba inangoti zii.

"Bwanji kwangoti zii?" anafunsa a Mademba ali kuchipinda.

"Mwana wanu akuti mawa muona zodabwitsa."

"Kuona ndinasiya. Ndikufuna kumva."

Loweruka titadya mpunga wa nsomba, Galaye anang'amba chipepala chija. Panali Birame, msuweni wake, mwana wa mchimwene wanga, telala wa pamsika amene pakamwa pake sipatseka ngakhale atalumira singano. Iye ndiye ankaphika tiyi. M'katimo munatuluka pepala la malangizo, lopindapinda, lotalika ngati nsalu ya m'mutu. Panali mayina a makanema, lililonse ndi nambala yake, koma dzina la wathu, amene tinagula kwa munthu, panalibe. Galaye anawerenga njira ina mokweza kuti tonse timve kuti amadziwa kuwerenga.

"Gwira batani ili mpaka kanyali kofiira kayake osazima. Loza kanema. Uzidina ili, limoti iziyesa chilankhulo chimodzichimodzi. Kanema akazima, ndiye kuti wamva cha kwawo. Pomwepo dina lapakati, utsekere. Basi! Ngati kumwa madzi."

Anayatsa kanema ndi dzanja, nabwerera pampando, n'kuyamba kudina ngati akuimba hutala pa mzere wa magalimoto ku Rufisque. Tiyi woyamba tinamwa iye akudinabe. Kenako kanema anazima. Koma chala cha Galaye chinali chitadutsa kale, kawiri kapena katatu. Anatsekera, analoza, anadina. Kanema anangomuyang'ana ndi nkhope yakuda.

"Mwapitirira siteji, adalaivala!" anatero Birame. "Wokwera akukuwa kuti nditsika, inu muli ku Mbour."

"Tseka pakamwa, kapolo wanga iwe. Wadya mpunga wa m'nyumba muno zaka makumi anayi, sunabweretsepo ngakhale anyezi mmodzi."

"Mpunga wa azakhali anga. Iwe unaphika liti? Yambiranso, mwina ulendo uno ukaima ku Banjul."

Anayambiranso kuchokera pachiyambi, pakuti chinthucho sichibwerera m'mbuyo. Kachiwiri anadutsanso. Kachitatu anati asamale, koma Birame anamufunsa ngati akufuna shuga wina, iye n'kutembenuka kuti amutukwane, kanema n'kuzima chala chikuyendabe chokha. Thukuta linali litanyowetsa mkanjo wake wonse kumsana.

"Andigulitsa yabodza," anatero, n'kuiponya pakhushoni. "Ndikukamupeza amene anandigulitsa. Wa ngolo uja nayenso ndikamupeza, andibwezere zakale zija."

"Ndikuperekeza," anatero Birame, "ndikaone akukuponda."

Geti linatsekeka. Ndinakhala ndikuyang'ana chinthucho pakhushoni. Mawa lake linali Lamlungu.

Pakhomo la chipinda chochezera, kunja pang'ono, panakhala Mbayang, mkazi wa Galaye, akuswa mtedza. Amakazinga mtedza mumchenga n'kumagulitsa pageti, ndipo kwawo ku Kaolack ana amaphunzira kuswa mtedza asanaphunzire kuyenda. Wakhala m'nyumba mwanga zaka khumi ndi ziwiri, ndipo zaka zonsezo ndakhala ndikumuyang'anira m'kona mwa diso, chifukwa munthu wosalankhula sudziwa chimene wasunga. Nthawi yonse imene amuna ankalimbana ndi limoti, iye ankangoswa mtedza wake. Koma ndinaona kuti maso ake sanali pa mtedza.

Anadzuka, anasamba m'manja, anapukuta bwinobwino, n'kutola pepala lija. Analiwerenga nthawi yaitali, milomo ikugwedera, mbali iyi ndi kuseri komwe. Galaye sanadziwe n'komwe kuti kuseri kuli zolemba.

"Usakhudze, mwana wanga," ndinatero. "Chikaonongeka anena kuti ndiwe. Ndipo zinthu zolankhula ndi zinzake popanda waya sindizikhulupirira. Usadziloze nayo pamimba."

"Sindidziloza, Amayi." Anakokera lichero la mtedza m'kati, nakhala pansi moyang'ana kanema, miyendo atatambasula. "Koma mundithandize. Inu muziyang'ana kanemayo basi. M'nyumba muno mulibe maso oposa anu."

Chibadwire palibe anandipemphapo kuti ndiyang'anire chinthu. Onse amandipempha kuti ndisiye.

Anayatsa kanema ndi dzanja, anagwira batani mpaka kanyali kofiira kanayaka, n'kugoneka limoti pa bondo lake, mutu utaloza kutsogolo. Anadina kamodzi. Kenako anachotsa dzanja, anatola mtedza umodzi, anauswa, njere m'mbale, khoko pansi. Anayang'ana kanema. Anadinanso kamodzi. Anatola mtedza wina.

"Nanga mtedzawo?" ndinafunsa.

"Kanemayu ndi wokalamba, Amayi. Ukamuitana amayamba waganiza. Mwana wanu uja amamufunsa funso lachitatu asanayankhe loyamba. Dzanja likakhala ndi ntchito ina silingathamange."

Kudina, thwa, kuyang'ana. Kudina, thwa, kuyang'ana. Pa kanema panali anthu a ku India akulira opanda mawu. Nkhosa inalira pabwalo, iye osatembenuka. Mwana wa oyandikana nafe anagogoda kufuna mtedza wokazinga, iye anangoti, "Mawa." Ntchentche inatera pamphuno panga, ndinaisiya. Maso anayamba kundiwawa chifukwa ndinkaopa kuphethira. Njere zinakwera m'mbale mpaka kuphimba duwa lojambulidwa pansi pake, kenako zinafika theka. Ndinayang'ana manja akewo mwakuba kamodzi kokha: zala zakuda ndi utsi, zosafulumira, zosachedwa, ngati za munthu amene akudziwa kuti tsiku ndi lake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinali ndisanamuonepo munthu akuchitadi zimenezo.

"Wazima!" ndinakuwa. "Mbayang, wazima! Usakhudze! Usapume!"

Dzanja lake linali m'lichero, mtedza uli pakati pa zala. Anamaliza kuuswa. Anaika njere m'mbale. Ndiyeno anadina batani lapakati, kanyali n'kuphethira kawiri n'kuzima.

"Tiyeni timufunse ngati akutidziwa," anatero. Anadina. Kanema anaganiza pang'ono, n'kuyaka. Anadinanso, anazima. Anayatsanso.

Ndinafuna kululutira, koma ndinaopa kudzidzimutsa chinthucho.

Dikoda inavuta mwa mtundu wina. Anayesa manambala atatu a papepala, palibe imene inamvera. Anatembenuza pepalalo n'kuloza kuseri kuja.

"Apa akuti yatsopanoyi imatha kuphunzira kwa yakale, ukaziika pamodzi. Koma zakalezo zinapita ndi ngolo." Anapumira m'mwamba. Kanali koyamba kumumva akutero.

Ndinayang'ana kugeti. Ndinayang'ana kuchipinda kwa a Mademba. Kenako ndinamasula nsalu m'chiuno n'kutulutsa yotuwa ija, yofunda ngati dzira.

Mbayang anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kugwira pakamwa. Anaseka mpaka misozi, mwakachetechete, mapewa okha akugwedezeka.

"Mwagona nayo?"

"Ndasamba nayo pafupi. Usamuuze mwamuna wako."

Anaichotsa m'kajumbo, anasesa makoko pa thebulo, n'kuziika ziwirizo moyang'anizana mitu, pakati pongokwana zala ziwiri, ngati nkhosa zikununkhizana. Anadina batani pa yatsopano, kanyali n'kuyamba kuphethiraphethira ngati kakudikira. Anadina batani lomwelo pa yakale. Kanyali kanaima, kanaphethira katatu.

"Yamva," anatero. "Limenelo ndi loyatsira. Tsopano losinthira."

Batani ndi batani, yakale ikunena, yatsopano ikusunga. Palibe mawu, palibe waya. Ine amene sindinalowepo m'kalasi ndinakhala ndikuonerera sukulu ikuchitikira pa thebulo langa. Pena yatsopano inkalephera, kanyali n'kuzima msanga. Mbayang sankatukwana. Ankasendeza yakaleyo pang'ono, n'kubwereza, monga a Mademba ankachitira ndi Latyr akaponda molakwika: bwerera, ponda apa, tiyenso. Atamaliza anabisa yakaleyo kumbuyo kwake, naloza yatsopano ku dikoda. Anthu a ku India anachoka, panabwera nkhani, panabwera mpira, kenako bwalo lamchenga lopanda anthu, amuna akukonza mipando ya mawa.

Sanalekere pomwepo. Anakatenga utoto wa zikhadabo, n'kudontheza kadontho kokhuthala pa batani loyatsira kanema, timadontho tiwiri pa la dikoda, ndi kamzere pa losinthira. Utauma analowa kuchipinda, anagwada pambali pa bedi, n'kugwira chala chachikulu cha apongozi ake.

"Bambo, kamodzi aka ndi kanema. Tiwiri iti ndi dikoda. Kamzere aka mukafuna kusintha."

A Mademba anayendetsa chala kawiri. "Ndani wachita zimenezi? Galaye?"

"Tathandizana ndi Amayi."

"Nanga mawu?"

"Ndikupita kukayesa."

Anayesadi. Anakhalanso pansi, analoza m'mwamba ku sipika, kudina, thwa, kumvetsera. Lichero linatha, anadzazanso. Mithunzi inafika kugeti. Potsiriza kanyali kanaphethira kambirimbiri n'kuzima kokha, kusonyeza kuti zilankhulo zonse zimene limoti imadziwa zatha. Sipika sinatsokomole n'komwe. Beseni lobiriwira lija linali litadzaza njere.

"Iyi ilibe dzina, Amayi," anatero. "Imamva kake kaja kokha. Kakanakhalapo, bwenzi nditamaliza madzi a tiyi asanawire."

"Ndiye bambo ako samva Latyr?"

Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali. "Ndikamapukuta fumbi ndi nsalu ya pandodo, pamakhala pamene imakodwa. Kuseri kwake, pamwamba, pali timabatani. Ndodo singadine, pafunika chala. Koma munthu wa mkono wautali."

Galaye ndi Birame anabwera fumbi lili m'nsidze. Wa ngolo anali atatumiza kale katundu wake yense ku Dakar, ndipo pamsika ponse panalibe kalimoti kofanana ndi kaja. Anapeza a Mademba atakhala pampando wawo, limoti ili m'manja, akuyatsa ndi kuzimitsa kanema amene sakumuona.

Galaye anaima kukamwa yasa. Kenako anati, "Eya. Ndinali nditaifewetsa kale."

"Wafewetsadi," anatero Birame. "Mlamu, mukwatiwe ndi ine, chitsiru ichi tichigulitse kwa wa ngolo. Mwina atipatsa ndowa."

Mbayang anali atabwerera kale kukhitchini.

A Mademba anamva nkhani ya timabatani ta kuseri, nafunsa funso limodzi lokha. "Anataya kakang'ono kaja ndani?"

Tonse tinayang'ana Galaye.

"Amene anataya ndiye akwere."

Lamlungu masana chipinda chinadzaza. Anabwera akuluakulu awiri amene ankagwetsana ndi a Mademba kale, anabwera oyandikana nafe, ana anakhala pansi kutsogolo. Mipando yathu ndi yapulasitiki, singanyamule Galaye ataimirira, ndiye anagubuduza mtondo waukulu kuchokera kukhitchini n'kuuvundikira pansi pa sipika.

"Munthu sakwera pa mtondo," ndinatero. "Ndipo umenewo mlomo wake unabenthuka mbali imodzi. Kabwereke makwerero."

"Amayi, kamodzi kokha."

Anakwera, anapisa mkono pakati pa zitsulo mpaka paphewa, tsaya litagunda khoma, n'kufufuza. Kunamveka kaphokoso, kenako pang'onopang'ono, kudina kulikonse kukuwonjezera pang'ono, ng'oma zinalowa m'nyumba. A Mademba anawongoka msana. Mapewa awo anayamba kuyenda okha. Ndinawaona milomo ikutchula mayina a kamenyedwe kalikonse, ndipo ndinayang'ana kumbali kuti ana asandione m'maso.

Koma sikanali kamodzi kokha. Masewera aakulu asanafike pamadutsa maola: ang'onoang'ono agwetsane kaye, akuluakulu avine, amange zithumwa, adzithire mabotolo a madzi a mankhwala pamutu. Pakati pa zonsezo amalowa otsatsa malonda, ndipo amenewo amakuwa ngati nyumba ikupsa.

"Tsitsa!" a Mademba ankatero. Galaye n'kukwera.

Ng'oma zikabwerera, "Kweza!" Galaye n'kukwera.

Ulendo wachisanu Birame analoza Galaye ndi kagalasi ka tiyi, n'kudina pagalasipo ndi chala. Galaye anali akukwera kale pamtondo.

"Ikugwira!" anakuwa Birame. "Azakhali, iyi ndiye limoti yeniyeni! Mabatire ake ndi mpunga!"

"Ndikatsika apa ndikusoka pakamwa ndi makina ako omwe."

"Tsika kaye. Amalume sanadine."

Mbayang ankayenda pakati pa anthu ndi beseni lobiriwira, akugawa mtedza wa dzulo uja atakazinga. Mmodzi wa akuluakulu aja anafunsa kuti limoti yodabwitsayi anakonza ndani, ndipo ndinayankha ndine, mokweza, kuti ndi mpongozi wanga. Iye anangoika beseni pansi pafupi ndi khoma n'kukakhala kumbuyo kwa mpando wa apongozi ake.

Dzuwa likulowa, Latyr ndi chimphona chija anaitanidwa pakati pa bwalo. Nthawi yomweyo kumzikiti wathu kunamveka azana, kuitanira pemphero. M'nyumba ya a Mademba palibe chimene chimalankhula pamwamba pa azana, kaya wailesi, kaya mwana, kaya Latyr amene. Anakweza dzanja.

"Zimitsa mawu. Onse."

Galaye anakwera n'kudina mpaka zii. Kunali kudina makumi atatu, ndinawerenga. Anatsalira pamtondo pomwepo, khosi atapotoza kuti aone kanema. Ku Dakar sanatidikire. Tinaona woimbira akukweza dzanja, awiriwo atawerama, akupalasana m'mwamba ndi manja ngati amphaka. Chipinda chonse chete. A Mademba anali atatseka maso, akuyankha azana chapansipansi, koma chala chawo sichinachoke pa kadontho ka utoto kaja. Ndinapemphera kuti aja a ku Dakar achedwe. Masewera amenewa anthu amadikira miyezi, koma amatha munthu asanameze malovu.

Azana inatha.

"Kweza! Galaye, kweza!"

Kuti chala chifike pa batani, nkhope iyenera kuyang'ana khoma. Galaye anatembenuka, anapisa mkono, n'kuyamba kudina ndi liwiro lake lonse, ndipo kwa kamodzi m'moyo wake chala chimenecho chinagwira ntchito yabwino. Phokoso la bwalo linakwera ngati mvula ikubwera kutali.

"Onjeza! Sindikumva ng'oma!"

Anaonjeza. Khamu la ku Dakar linagwira mpweya, ndipo a Mademba anamva.

"Agwirana," ananong'ona. "Tsika pansi, mwana wanga. Mwendo wakumanzere. Tsopano!"

Ngati wamva, Latyr analowa pansi pa chimphonacho, anakola mwendo, ananyamula. Chinthu chachikulu chija chinayandama m'mwamba, n'kugwa chagada pamchenga. Sipika inaphulika ndi mfuu, olengeza akukuwa dzina la Latyr, ife tonse tili chiimire, a Mademba akumenya pachifuwa ndi limoti, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Chachitika n'chiyani? Ndani? Ndani?" anakuwa Galaye ali kukhoma. Anazula mkono, anatembenuka thupi lonse nthawi imodzi. Mtondo unapendekera mbali yobenthuka ija. Ndinangoona mapazi m'mwamba, kenako khuu, ndi kulira kwa pulasitiki. Mtedza unauluka mpaka pakhomo.

Ndinathamanga ndikukuwa kuti wafa. Sanafe. Anali gone pamwamba pa beseni lobiriwira, litang'ambika pakati, maso ali kudenga, akupuma ngati nsomba.

"Chagwa n'chiyani?" anafunsa a Mademba.

"Galaye, amalume," anatero Birame, akufa ndi phwete.

"Wavulala?"

"Akutukwana, ndiye ali bwino."

"Wagwa bwanji? Chammbali?"

"Chagada. Msana wonse pansi."

A Mademba anapukuta misozi ndi mkono. "Ndiye palibe zokambirana. Wagonja. Wina akweze dzanja la sipika."

Pa kanema anabwereza kugwa kwa chimphona chija kambirimbiri, chapafupi, chapatali, pang'onopang'ono. Galaye anakuona ulendo wachisanu ndi chinayi, atagona chammbali pamkeka, Mbayang akumuthowa msana ndi madzi otentha, aliyense atamuuza kale mmene zinathera. Unali mkute. Basi yake anayendetsa wina masabata awiri.

Kalimoti ka sipika sikanapezeke mpaka lero. Galaye anagula makwerero, ali kuseri kwa chitseko. Magetsi akaphethira sipika n'kugona, a Mademba saitananso dzina. Amangomvetsera kumene mwana wawo akutsokomolera, amaloza limoti kumeneko, n'kudina. Ndipo bambo wa ana anayi, wa imvi m'ndevu, amasiya mpunga wake m'mbale n'kukwera.